Maliro Amene Kwaya Inakana

Lero ndatsegula sutikesi ya malemu amayi. Chitenge chawo cha mpingo chikadanunkhabe utsi wa nkhuni ndi sopo, ndipo fungolo landibwezera ku komboni ya Ndeke ndili mwana.

Aneba athu, bambo wa ku mgodi, anamwalira ndi chifuwa. Akuluakulu a chitente, kagulu kathu kopemphera m'makomo, anati kwaya sipita chifukwa malemuwo sankaoneka ku mapemphero.

"Akanaoneka bwanji, Sondo iliyonse ali pa shifiti pansi mu mgodi?" anafunsa amayi.

"Mayi, lamulo ndi lamulo," anayankha atcheyamani.

Amayi sanalimbane nawo. Anali atachapira anthu zovala tsiku lonse, mapazi atatupa. Anangomanga chitenge chija n'kundigwira dzanja.

Pamaliropo tenti inali yong'ambika, fumbi likulowa m'kamwa. Amayi anayambitsa nyimbo okha, mawu atasasa. Pamene kwaya imayenera kuvomera panangoti zii.

Ananditsina pantchafu. "Iwe, vomera."

Ndinavomera ndi kamawu kanga. Namfedwa anadzutsa mutu n'kuyang'ana kugeti, kuona ngati ena akubwera. Amayi anayambanso ndime yomwe ija.