Chithunzi Chokana Kuuma

Mayi Maliya a ku Unit G, dera lina kunja kwa mzinda wa Harare, amagulitsa mandasi pamsika wa Chikwanha, pafupi ndi pokwerera maminibasi otchedwa makombi. Ndi munthu woti ukawapatsa moni amayamba ayang'ana m'manja mwako. Amuna awo, bambo Kaitano, ngofatsa. Ntchito yawo n'kujambula zithunzi ndi penti: ng'ombe, madambo, mapiri a ku Tete kumene sanapondeko. Pentiyo imabwera yolimba m'timachubu, ndiye amaisungunula ndi mafuta ake apadera ogula ku Harare, amene amauma pakapita masiku.

Chaka chatha mafuta okazingira mandasi anayamba kuchepa m'chigubu. Mayi Maliya anamanga ulusi polekezera mafutawo, koma pobwera kumsika ankapeza ulusi uli pamwamba, mafuta ali pansi. Masana panyumba pankatsala anthu awiri: bambo Kaitano pakhonde ndi maburashi awo, ndi Everjoy, mkazi wa mwana wawo Clayton amene amagwira ntchito ku Joni. Mayi Maliya sanawaganizire n'komwe amuna awo. Munthu wosadziwa ndi pokhala mchere pomwe angabe mafuta?

Everjoy amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona, ndipo kwa mayi Maliya umenewo unali mlandu kale.

"Iwe, mafuta angawa amera miyendo?"

"Handizivi, amai," anatero mtsikanayo, kuti sakudziwa, maso ali pansi.

Maso apansiwo ndi amene anawakwiyitsa. Anayamba kumusanthula chikwama akamapita kwa amake ku Unit N, mpaka tsiku lina anamutchula wakuba pampopi, anthu onse akumva. Everjoy anabereka mwana wake wakhanda kumsana n'kubwerera kwawo. Bambo Kaitano anangotsokomola. Mafuta sanasiye kuchepa, koma mayi Maliya anati mtsikanayo wasiya mnzake woba naye pakati pa oyandikana nawo.

Tsiku lina akusesa pakhonde, anaona nyerere zili pamzere kukwera chithunzi cha ng'ombe chimene chinakhala pamenepo chiyambire dzinja. Anachikhudza, chala n'kubwera chobiriwira, chonata. Ananunkhiza. Fungo la mandasi!

"Bambo a Clayton, ichi n'chiyani?"

"Aja a ku Harare anatha," anayankha bambowo akukanda kumutu. "Ndimati mafuta ndi mafuta basi. Koma awa sakuuma ayi."

Mayi Maliya anagwidwa ndi manyazi. Anathamangira ku Unit N osasamba ndi m'manja momwe. Everjoy anatuluka m'nyumba, anaima kuseri kwa geti, n'kuyang'ana chala chobiriwiracho nthawi yaitali.

"Ndinkawaona, amai," anatero, kwa nthawi yoyamba m'Chichewa. "Koma ine mpongozi, ndikanati baba ndi mbava?"

Mayi Maliya anaima pomwepo kudikira kuti getilo litsegulidwe, koma Everjoy anasuntha mwana kumsana n'kubwerera m'nyumba.