Kathabwa ka mu Mgolo wa ku Auckland

Lisiate wa ku Pangai, tauni ya pachilumba china, ankadziwika ndi kamera. Pa maliro alionse a pachilumbapo ankaima kumbuyo kwa oimba, mkeka wachisoni uli m'chiuno, diso limodzi chitsinzinire. Akabwerera kunyumba ankadula ndi kulumikiza zimene wajambula pa kompyuta yake yakale ya patebulo, n'kutumizira abale a malemu okhala kutsidya kwa nyanja. Ana ambiri analira makolo awo kudzera m'manja mwake.

Chaka chimene mkazi wake Meleane anatsikira kulichete, kamera anaigwira mnzake. Mwana wawo yekhayo, Sela, anali ndi pakati potopa kutsidya kwa nyanja ku Auckland, ndipo achipatala anamuletsa kukwera ndege.

"Bambo, ndingoona mmene munawagonekera amayi," ankatero pa foni. "Ndikaona, mtima ukhala pansi."

Koma mnzake uja anajambula mwambo wonse osapumira, kanema n'kukhala chimtolo chosatumizika. Kompyuta inkati ikafika pamene bokosi likutuluka m'tchalitchi, inkauma gwa, n'kumangolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Mwamuna wa Sela anati memore, kathabwa kothandiza kompyuta kusenza ntchito yolemera, ndiyo yachepa, ndipo anaika ina mu mgolo wa katundu wobwera pa sitima.

Lisiate anamasuliratu mbali ya kompyutayo. Anapeza mpata wopanda kanthu pafupi ndi memore yakale, nauzira fumbi, napukuta ndi nthenga ya nkhuku mchere umene mphepo ya kunyanja inasiyamo. Kenako anafunditsa makinawo nsalu ya Meleane, n'kumasuzumira kudoko m'mawa uliwonse.

Mgolo utafika, sanautsegule yekha. Pa mwambo wa kumeneko, mlongo wa bambo ako ndiye amayamba kusankha, ndipo chimene waloza n'chake. Azakhali Kalolaine anabwera ndi ndodo yawo, nakhala pa mkeka wabwino koposa, achibale atazungulira. Munatuluka nyama ya m'zitini, mabulangeti, sopo, nsapato. Pansi penipeni Lisiate anakhudza kapepala konyezimira kokutira memore ija. Anakalowetsa m'thumba la malaya mwakachetechete.

"Iwe Lisiate," anatero azakhali, maso awo ang'ala atamulasa. "Imvi zonsezo ukadabisabe zinthu ngati mwana woba shuga? Bwera nacho kuno."

"Si kanthu, azakhali. N'kachitsulo ka makina."

"Kachitsulo ukuchita kutuluka nako thukuta? Tambasula dzanja."

Azakhali anang'amba pepalalo. Kathabwa kobiriwira kanagwera pamiyendo pawo, m'mphepete mwake muli timano tachikasu ndandanda.

"Taonani, golide. Ine ndimayesa Sela wandiiwala, kani mbala ndi bambo wake." Amayi onse anaseka chogwira pakamwa.

"Azakhali, kameneko ndi..."

"Ndi chiyani, mwana wa mchimwene wanga?"

Lisiate anayang'ana pansi. Akanakasiya mu mgolo, gogoyo akanakadumpha n'kuthamangira bulangeti. Tsopano kanali m'manja mwawo, pamaso pa mbumba yonse, ndipo munthu salanda chimene azakhali agwira. Komanso ndi iwowo amene anabweretsa mikeka yaikulu yofunditsira Meleane.

"Ndi kanu, azakhali," anatero.

Anakamanga pa mfundo ya mpango wawo. Akuti kanakagona m'bokosi lawo la mikeka, pamodzi ndi mendulo za amuna awo.

Madzulo dzuwa lisanalowe Sela anaimba foni.

"Mwakaika, bambo? Kakwana?"

"Kali kwa agogo ako a Kalolaine."

Sela sanafunse chifukwa, pakuti nayenso anakulira pa mikeka yomweyo.

"Basi, ndionetseni pomwe pakuonekapo," anatero kenako.

Lisiate anavundukula nsalu ija, nayatsa makina ali chitsegulire, nalozetsa foni pa galasi. Anaonera limodzi oimba, abusa, amayi ovala zakuda. Bokosi linanyamulidwa, linafika pakhomo la tchalitchi, pomwepo n'kuuma gwa, theka lili padzuwa, theka mumthunzi.

"Zikatere ndiye zatha," anatero Lisiate.

"Ndiuzeni ndi pakamwa. Atatuluka apo zinatani? Anaimba nyimbo iti kumanda?"

Lisiate anayasama kuti ayankhe. Maliro a eni ake onse ankawakumbuka mpaka amene anakhosomola pa pemphero. Koma pa maliro a Meleane analibe kamera yobisalirapo. Anayenda pambuyo pa bokosi misozi ili chuchuchu, osaona njira, osamva nyimbo, mpaka anthu anamudzutsa pamchenga manda atawundidwa kale.

"Bambo? Mukundimva?"

"Ndikukumva, mwanangu," anatero, ali kakasi, maso ali pa bokosi loima pakhomo lija. "Kunali mphepo. Ndikukumbuka kuti kunali mphepo."