Ndinanyamulira Woimbira Ragibi Nkhuku Yopepesera

Abale anga, sabata ino ndalakwa pagulu, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha musanamve kwa mnzanga amake Chanda, chifukwa iwowo akamafotokoza nkhani amathira tsabola.

Loweruka lapitali ndinalowa m'bwalo la ragibi masewera ali m'kati. Mwana kumsana. Nsapato imodzi kuphazi, inayo itatsala pa udzu.

Kwa inu amene simuidziwa ragibi, ndi mpira wooneka ngati papaya, amathamanga nawo ataukumbatira, anzawo n'kumawagwetsa pansi. Kugwetsako n'kololedwa. Mundimvetse bwino, n'kololedwa. Mwana wanga woyamba Tadala, wa zaka khumi ndi chimodzi, amasewera zimenezi m'timu ya atsikana kuno ku Woodbridge, ku America. Anamuyambitsa ndi bambo ake, amene anatengera matendawa kwa mnzawo wa ku Fiji amene amasamalira naye odwala ku Bethesda. Ine ndinakana miyezi itatu. Ndinagonja atandilonjeza chinthu chimodzi: pali lamulo lakuti mwana asagwidwe pakhosi kapena kumutu, ndipo pali woimbira amene ntchito yake ndi kuyang'anira zimenezo.

Ndiye ine kubwalo sindionera mpira. Ndimaonera khosi la mwana wanga. Zigoli ndimamvera kwa anzanga.

Tsikulo bambo ake anali ku shifiti. Tadala anawakha mpira n'kuyamba kuthamanga mbali imene ndinaima ine, mapazi ake ndikuwamva, ndipo kunatulukira mtsikana wina wamtali ngati chitseko, mkono wake n'kumukola Tadala pakhosi mmene chingwe choyanikira zovala chimakolera munthu wothamanga. Mwana anagwa chagada. Mpira unagubuduka, a timu inayo anautola, ulendo wokagoletsa. Ndinadikira wezulo. Ndinadikira. Wezulo unalira atagoletsa kale, wovomereza chigolicho.

Pabwalopo pali chingwe chimene makolo sitiloledwa kudumpha. Sindikumbukira kuchidumpha. Ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo, khanda langa Yamikani akulira kumsana, chala changa chili pamphuno pa woimbira, bambo wa imvi, wamkulu kuposa bambo anga ondibereka, ndikumuuza m'Chichewa zinthu zimene sindingalembe patsamba lino pakuti amawerenganso abusa.

Apo ndiye wezulo unalira msanga. Unalirira ine.

Tadala anali atadzuka kale. Anandikoka chitenje n'kundinong'oneza m'Chingelezi chake chija, kutanthauza kuti, "Amayi chonde tulukani, anzanga akuona." Kochi anamutulutsa iyenso, akuti ndi lamulo mwana akagunda mutu pansi. Tinapita kukiliniki tsiku lomwelo. Adokotala anamuunika m'maso, anamuyendetsa pa mzere, anati mutu uli bwino, pakhosi n'pongokalika, apume masiku angapo. Tikulowa m'nyumba ndinalengeza kuti ragibi yathera pamenepa.

Sanalire. Bola akanalira. Anangosiya kulankhula nane, ndipo amene muli ndi ana aakazi a msinkhu umenewu mukudziwa kuti chete wawo amalasa kuposa kulira.

Lolemba foni inalira. Uthenga wa kochi: woimbira uja akufuna kuonana nanu mawa madzulo pabwalo, ana akamaliza kuphunzira.

Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Munthu wa yunifomu akakuitana, kaya ndi yunifomu ya kabudula, umaganiza zoopsa zokhazokha. Ndinaganiza apolisi. Ndinaganiza khoti. Ndinaganiza anthu aja amabwera kudzafunsa mmene umasungira ana, poti ndinathamanga ndi khanda kumsana pakati pa anthu ogwetsana. Ndinaimbira amake Chanda, mnzanga wa ku Lusaka amene timaimba naye kwaya ku Lanham, iwo Chingelezi amachitafuna bwino.

"Manje imwe amake Tadala," anatero, "mwatukana ba refa pamenso pa bantu bonse? Kuno ni America, bazakulembani."

"Ndiye nditani?"

"Kwanu mukalakwila mukulu mumachita bwanji?"

"Timanyamula nkhuku."

"Nyamulani. Nizabwela nikumasulileni."

Nkhuku yamoyo kuno uipeza kuti Lachiwiri masana? Ndinagula yootcha kale ija ya m'sitolo, yaikulu, ndinaiika m'mbale ya chivindikiro, n'kumanga pa nsalu yoyera ngati ndikupita kukazonda wodwala. Tadala ndinamutenga, koma ndinati sakasewera, akangoona mmene munthu amapepesera.

Tinawapeza bambowo poimika magalimoto, atavala malaya wamba, manja m'thumba. Ine sindinadikire. Ndinagwada pa tara pomwepo, mbale m'manja awiri, mutu pansi.

Bambo aja anadzidzimuka. Anafunsa amake Chanda ngati ndakomoka, aitane ambulasi? Amake Chanda anawauza kuti ayi, kwawo kwa mayiyu ndi mmene amapepesera kwa wamkulu. Bambowo anatulutsa manja m'thumba. Kenako ndinamva mawondo akulira, kwa, kwa. Nditadzutsa maso ndinawaona nawonso agwada, maso athu ali pa mzere umodzi.

Analankhula pang'onopang'ono, amake Chanda akumasulira.

"Bakamba ati si imwe mufunika kuyamba. Bakamba ati kuli kholo lina linajambula pa foni, baona vidiyo katatu. Mkono unali pakhosi. Benze baimilila mbali yolakwika, benze bayang'ana mpila, sibanaone. Bakamba ati ni mulandu wao."

Ndinafunsa amake Chanda ngati amva bwino.

Anamva bwino. Bambowo anali atalemba lipoti, lodzinenera okha, n'kulitumiza kwa akuluakulu a oimbira. Loweruka likudzali sakaimbira masewera alionse. Akakhala pambali ndi munthu amene amayang'anira oimbira, kuphunziranso poima. Munthu wa imvi zake. Kenako anatembenukira kwa Tadala, adakali chigwadire, n'kumuuza iye mwini kuti ntchito yawo inali yoteteza khosi lake ndipo sanaigwire.

Ine ndinangokankhira mbale ya nkhuku ija patsogolo pawo.

Anaikana. Anati woimbira salandira kanthu kwa kholo la wosewera, ngakhale kapu ya tiyi, chifukwa tsiku lina akadzaimba mokomera Tadala anthu adzati ndi nkhuku ikuimba. Vuto linabwera podzuka. Ine ndinadzuka ndi khanda langa, iwo mawondo anakana, mpaka kochi ndi amake Chanda anachita kuwagwira m'khwapa. Nkhukuyo anadya atsikana a timu yonse, ndi manja, pa boneti ya galimoto. Amake Chanda anatenga ntchafu, ati malipiro a womasulira.

Tsopano tamverani chimene chandisowetsa mtendere kuyambira tsikulo.

Ine ndakula mpaka kubereka ana awiri, sindinaonepo munthu wamkulu, wokhala ndi mphamvu pa ine, akubwera yekha osaitanidwa kudzanena kuti ndinalakwitsa. Inu munaonapo? Kwathu timati wamkulu salakwa. Ndili Sitandade 5 aphunzitsi anandikwapula chifukwa cha phokoso la mnzanga wokhala kumbuyo. Atazindikira, anandituma kukafufuta bolodi, ndiye kupepesa kwakeko. Pabwalo la mpira la kwathu woimbira akalakwitsa ankathawira m'chimanga, anthu pambuyo ndi zibuma, mawa lake n'kumayenda pamsika akunena kuti malamulo simuwadziwa. Iye osavomera, ife osamusiyira mpata wovomera. Ndani angavomere kulakwa akuona chibuma m'manja mwako?

Bambo a Tadala amaonera ragibi ya akatswiri pa foni, ya ku Australia ndi ku Mangalande, anthu amene amadya za masewerawo. Akuti kumeneko kuli makamera mbali zonse, kuli woimbira wina amene amakhala m'chipinda ndi ma TV, kubwezera chithunzi kambirimbiri, komabe amalakwitsa. Nthawi zina mabwana awo amatuluka poyera n'kuvomera kuti paja panalakwika, woimbirayo n'kumupumitsa kapena kumutsitsa ku masewera aang'ono. Nthawi zina amangoti zii, ndipo amene amalangidwa ndi kochi amene wadandaula pamaso pa atolankhani. Bambo a Tadala akafika pamenepo amaimirira ndi foni m'manja.

"Kupepesa kwa Lolemba kumabweza zigoli za Loweruka?" amatero. "Timu yagonja basi."

Akunena zoona. Timu ya Tadala inagonja ndi chigoli chomwe chija, ndipo palibe anachifufuta. Khosi likanathyoka, lipoti silikanalilumikiza. Ndikudziwa zimenezo kuposa iwo, ndine amene ndinamva mutu ukugunda pansi.

Koma ndinawayankha kuti inu mukufuna zigoli, ine ndikufuna kudziwa ngati mawa munthuyo adzaima pamalo pomwe paja. Amene wakana kuti analakwa adzaima pomwepo, mpaka mwana wina. Amene wavomera wasuntha kale. Woimbira wosalakwitsa kulibe, maso ndi awiri okha, ana pabwalo ndi gulu. Ine ndimaopa woimbira amene alibe womuyang'anira.

Ndipo oimbira si a kabudula okha. Tili nawo m'makomiti a kutchalitchi, amene akasokoneza tsiku la msonkhano amati anthu simumva. Tili nawo m'magulu athu a maliro. Ambiri a inu mumagwira ntchito yosamalira okalamba, mukudziwa kuti gogo akagwa pa shifiti yako umalemba lipoti, dzina lako pamwamba, ngakhale ukuopa. Mumalemba. Nanga bwanji ukangokwera pang'ono, cholembera chimauma? Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Sanati mutu ukakula ubisale kumbuyo kwa mitu ing'onoing'ono.

Ndisanaloze ena kwambiri, ndiulule. Mwezi watha ndinamukalipira Tadala kuti wathira madzi pa rimoti, kenako ndinapeza Yamikani akuyamwa rimotiyo. Ndinatani? Ndinamuonjezera nyama pa mbale yake. Aphunzitsi aja a bolodi ndi ine, kusiyana kwake kuli pati?

Koma nkhani ya Lachiwiri sinathere pa nkhuku. Atsikana akunyambita zala, kochi anandiitanira pambali ndi amake Chanda, nkhope yake ya manyazi. Anati lamulo la makolo lilinso pompo. Kholo lodumpha chingwe silionera masewera otsatira. Loweruka likudzali sindiloledwa kufika pafupi ndi bwalo, malire anga ndi poimika magalimoto. Anati oimbira a ana ndi anthu ongodzipereka, ndipo makolo onse akamalowa ndi chala pamphuno sipatsala woimbira, ndiye ana adzagwetsana popanda wowayang'anira.

Amake Chanda anaseka mpaka kugwira galimoto. "Imwe na ba refa bakupatsani chilango chimozi. Muzankala pamozi monga ba mu kilasi imozi."

Ine sindinaseke. Ndinaona msanga pamene pagona nkhani. Ndikati Tadala asewere, ndiye kuti asewera ine kulibe pachingwe. Woimbira adzakhala wina, akuti mtsikana wa ku koleji, sindinamuonepo nkhope. Bambo ake alinso ku shifiti. Khosi lija ndaliyang'anira Loweruka lililonse chiyambire, lidzathamanga lokha.

Njira yophweka inalipo. Ndinali nditalengeza kale kuti ragibi yatha, ndikanangokhala pa mawu anga, chilango cha kochi n'kugwera pa udzu. Ndani akanandiletsa? M'nyumba muno wezulo ndi wanga.

M'galimoto pobwerera Tadala analankhula, koyamba chichokere Loweruka. Anayesetsa m'Chichewa, ndipo iye akalankhula Chichewa ndiye kuti akufuna chinthu ndi mtima wonse.

"Amayi, agogo aja avomera chilango chawo. Inu muvomera chanu?"

Mwana wa masiku ano.

Dzulo adokotala anamuonanso, anasaina pepala lakuti akhoza kusewera. Pansi pake pali mzere wa kholo. Ndinaligwira pepalalo nthawi yaitali, Yamikani akulikoka, ndipo ndinamuuza Tadala kuti za rimoti zija sanali iye, ndinalakwitsa ndine. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chifalansa. Kenako ndinasaina.

Musandiyese wolimba mtima. Mantha sanathe. Loweruka ndidzakhala m'galimoto, galasi lotsitsa, khutu kubwalo, ndikuwerenga kulira kulikonse kwa wezulo, ndipo amake Chanda alonjeza kuima pachingwe m'malo mwanga ndi kundiimbira mwana akangogwa. Ndawauza kuti asadumphe. Ati sangalonjeze.

Mwana wanga ndamupereka m'manja mwa mtsikana amene sindimudziwa, chifukwa bambo mmodzi wa imvi anandionetsa kuti kumeneko wolakwitsa amabwera yekha. Inu amene mwagwira wezulo kwina kulikonse, kutchalitchi, kuntchito, kunyumba, mwana wa munthu akadzagwa inu mukuyang'ana kumbali, mudzabwera nokha, kapena mayi ake adzachita kudumpha chingwe?