Amakaniko Osabweza Galimoto

Amakaniko a pa Kachulu amapima injini ngati sing'anga, khutu lili pachitsulo. Amakonda kunena kuti, "Galimoto ikadwala, sufunsa kuti mwini wake ndani."

Tsiku lina kunafika galimoto ya mkulu wa chipani. Kachipangizo kake kosunga liwiro dalaivala akachotsa phazi kanali katafa. Akazi a amakanikowo anawanong'oneza kuti, "Bambo ake a Rajabu, isiyeni. Anthu amenewa akusaka mwana wathu." Iwo sanamvere. Analondola waya mpaka kupeza poduka, n'kulumikiza.

Galimoto yomweyo ndi imene inadzatenga Rajabu chifukwa chokana kugula khadi ya chipani, ndipo sanabwererenso.

Masiku ano ikamadutsa, amakanikowo amatchera khutu. "Ikuyenda bwino," amatero, n'kulavula pansi.