Dzira mu Rediyeta

Madokotala atatiuza kuti mkazi wanga tizikamusamalira kunyumba, iye anapempha chinthu chimodzi: kukaona amayi ake kumudzi, pamwamba pa mapiri a ku Dedza. Galimoto yanga inali yokalamba ndipo rediyeta inkadontha, choncho ndinapita nayo kwa makaniko wina ku Biwi.

"Musadandaule madala, iyi ikwera phiri ngati mbuzi," anatero.

Palisiti analemba kuti wawotcherera, ndipo lisitiyo ndikadali nayo. Bodza lenileni! Anangoswera dzira laliwisi m'madzimo kuti litseke pobooka.

Tinanyamuka ku Kawale m'mawa wozizira wa mu Juni. Pamsewu wa tala tinayenda bwino. Titapatukira mumsewu wafumbi wokwera phiri, injini inayamba kubuula, kenako kutsogolo kunafuka nthunzi yonunkha dzira. Ndinaima pakona n'kutsekera tayala ndi mwala.

Mkazi wanga analoza mabulugamu kumtunda. "Abambo, kwathu ndi paja. Fulumirani."

Ndinamufunditsa jekete langa, n'kutsetserekera kukhwawa ndi chigubu kukatunga madzi. Kutsika sikunavute, koma pokwera mpweya unandithera, ndinkangopumira panjira. Nditafika ndinamupeza atatsamira zenera, maso ali ku mabulugamu aja, sakupumanso.

Madziwo ndinathirabe. Kenako ndinathyola nthambi zaziwisi n'kuzimangirira kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, monga timachitira tikanyamula maliro. Apongozi anga ankatidikira panjira yolowera kumudzi. Ataona masambawo anakhala pansi m'fumbi, ine ndisanazimitse n'komwe injini.