Tsiku limene azakhali anandikiyira mu sutikesi

Ndikudziwa kuti ine ndi munthu woti ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, anthu amayamba asuzumira pawindo, koma nkhani iyi yokha ndi yoona, ndipo wokayika akafunse azakhali anga, ngati angalole kuikamba.

Zinachitika zaka zitatu zapitazo, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kamtsikana kochepa thupi koti mukhoza kukapinda ngati malaya. Mayi anga ndi namwino, timakhala ku Thamesmead kuno ku England, ndipo azakhali, achemwali a malemu bambo anga, amasamalira okalamba ku Tottenham. Awiriwa anapangana kuti nawonso akapumeko ngati azungu, ndiye anasankha ulendo wa sitima yapamadzi wodutsa m'zilumba za kumpoto kwa Scotland mpaka ku Norway. Ine sanandifunse. Anangoti sangandisiye ndekha chifukwa angadzapeze nyumba nditaigulitsa.

Anthu amati malo amenewo ndi okongola, sindikutsutsa, koma kwa ine inali ndende yoyandama. Zilumba zopanda mtengo ndi umodzi womwe, nkhosa zokhazokha ndi mphepo. Ku Norway nyanja imalowa pakati pa mapiri ngati kanjira kopapatiza, eni ake amati mafiyodi, mapiri ataima njo uku ndi uku, madzi akuda bii, mathithi akutsika kuchokera kumitambo. Dzuwa nalo losafuna kulowa, moti mayi anachita kupachika chitenje pawindo kuti tione tulo. Mu sitima monse agogo okhaokha, ndipo mayi ndi azakhali, anthu amene anabwera kudzapuma, pofika tsiku lachiwiri anali atayamba kale kukankha njinga za olumala za anthu osawadziwa ndi kuwakumbutsa kumwa mankhwala. Inu mukanakhala ine mukanatani?

Ndinathira mchere mu tiyi wa azakhali. Ndinasinthanitsa tizikwangwani ta pazitseko, moti ofuna kugona ankadzutsidwa ndi okonza m'zipinda. Tsiku lotiphunzitsa kavalidwe ka majekete oyandamitsa munthu, ndinathothola wezulo ya pajekete langa, ndipo ndinkailiza kumbuyo kwa azakhali akamajambula mapiri. Foni mayi analanda tsiku lachinayi. Wezulo anaifunafuna osaipeza, pakuti ndinkaibisa mu sokosi.

Tsiku lomaliza, tili pakati pa nyanja kubwerera ku England, analowetsa pepala kunsi kwa chitseko lonena kuti aliyense atulutse katundu wake panja chakudya chamadzulo chisanakwane, antchito adzamutenge, tikamupeze mawa lake kudoko. Pepalalo ine ndinapangira ndege osaliwerenga. Akuluakulu anali atamva kale kwa anzawo.

Azakhali ali ndi sutikesi ija ya anthu opita kumudzi, yakuda, yoti mbuzi ziwiri zikhoza kugonamo. Anabwera nayo yodzaza mabulangete poopa kuzizira, ndipo doko lililonse ankawonjezeramo majuzi a abale akumudzi. M'mawa umenewo anailongedza. Masana, iwo ndi mayi atapita kukamwa tiyi, ndinakhuthula zonse, kukankhira kunsi kwa bedi, kulowamo mawondo ali pachibwano, n'kukoka zipi ndi chala kusiya kampata kakang'ono. Cholinga chinali chabwinobwino: akabwera kudzaika masilipasi awo, ndivumbuluke ngati mzukwa.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Mmalawi akalongedza walongedza. Sutikesi ya kumudzi satsegula kawiri, kuopa kuti mwina sitsekekanso. Azakhali atalowa anangoigwadira pamwamba, bondo lawo pa nthiti zanga, kukoka zipi mpaka kumapeto, kukhoma loko, kumanga lamba. Kenako ndinawamva akupempha mayi kuti awapatsire kansalu kaja, kachidutswa ka chitenje chachikasu kamene amamanga pachogwirira ulendo uliwonse kuti wina asanyamule katundu wawo.

Mufunsa kuti bwanji osakuwa? Poyamba ndinali kuseka chamumtima, chifukwa ndinaona kuti nthabwala yayamba kukoma. Chachiwiri, anali kukamba za ine. Mayi ankati atopa nane, aphunzitsi awaitanitsa kawiri chaka chimodzi, ndipo akuganiza zonditumiza kwa amalume ku Malawi, kusukulu yogonera komweko, ndikaphunzire khalidwe. Azakhali, amene amawatchula mayi kuti alamu, anati asachedwe nazo, Januwale yemweyu ndinyamuke. Miseche ya iwe mwini, ndani angaidule pakati? Mayi anafunsa kuti kodi ndili kuti, azakhali anati ndili kovutitsa anthu kudziwe losambira. Pokokera sutikesi panja mayi anadandaula kuti ikulemera ngati muli munthu, azakhali nati majuzi a ku Norway ndi ubweya weniweni, si zakaunjika.

Chitseko chinatsekeka. Ndinati ndiwerenge mpaka makumi asanu kenako ndigogode, koma ndisanamalize ndinamva mawilo, anthu awiri akundinyamula akubuula, n'kundiponya pangolo. China chinagwera pamwamba panga, china pamwamba pa chimenecho. Apo ndiye ndinakuwa, koma mawu ankathera m'mawondo anga omwe, ngolo ikulira, anyamatawo akuseka m'chilankhulo chawo. Tinalowa m'chikepe, ndipo chikepe chija chinatsika, chinatsika, mpaka ndinamva kugunda kwa injini m'mano mwanga.

Kenako anachoka, ndinatsala ndekha ndi mdima.

Mdima wa m'chipinda si mdima ayi. Uwu unali wondigwira nkhope, wonunkha mankhwala a njenjete amene azakhali amaika m'mabulangete. Kunkatentha ngati mu uvuni. Miyendo inayamba nyerere, kenako inangosowa, ngati ndi ya munthu wina. Ndinayesa kudziwongola, katundu wapamwamba sanasunthe n'komwe. Ndinayesa kuboola zipi ndi chikhadabo, chikhadabo ndicho chinathyoka. Ndinaika milomo pa mano a zipi n'kumayamwa kampweya kolowera pamenepo, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti kudoko tikafika mawa. Mawa, ine mpweya ukundithera lero. Ndinaona m'maganizo azakhali akutsegula sutikesi ku Tottenham kuti agawe majuzi. Ine amene ndinabwera kuno ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amene mayi akandiyankhula Chichewa ndimawayankha Chingerezi dala kuti apse mtima, ndinapemphera m'Chichewa chosasakaniza, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazilembe pano poopa kuti angandikumbutse.

Mwayi wake, munthu wopindidwa dzanja lake limakhala pafupi ndi sokosi. Ndinasolola wezulo ija, kuifikitsa pakamwa movutikira, n'kuliza. Koma kuliza wezulo kumadya mpweya womwe ulibewo. Ndinkaliza kamodzi, kupuma, kuona tinyenyezi m'maso, kulizanso. Nthawi ina ndinamva injini ikusintha kaliridwe ngati sitima ikuchepetsa liwiro, osadziwa kuti chifukwa chake ndine.

Zimene zinkachitika pamwamba paja anandiuza pambuyo pake. Nditapanda kuoneka pachakudya, ine amene sindiphonya ayisikirimu, mayi anayamba kuzungulira. Dzina langa linalengezedwa sitima yonse, antchito anafufuza paliponse, mpaka mkulu wina anafunsa mayi mwaulemu ngati ndinkakonda kutsamira pa zitsulo za m'mphepete. Mayi atamva funso limenelo anabwerera kuchipinda ndi azakhali, nagwada m'mbali mwa bedi kuti apemphere, ndipo bondo lawo linaponda mkono wa juzi. Anasuzumira kunsi, napeza majuzi onse ndi mabulangete zili mbwee. Akuti anayang'anana, kenako azakhali anatuluka liwiro opanda nsapato, munthu amene kukwera basi amachita kugwira chitsulo ndi manja awiri.

Kunsi kuja antchito anali atamva kale wezulo, koma m'chipinda cha zitsulo mawu amachokera mbali zonse, ndipo masutikesi akuda analipo mazanamazana, ounjikidwa mpaka kudenga. Choipa kwambiri, wezuloyo inali itasiya kulira. Ine ndinali nditayamba kumva kukoma kwachilendo, ngati tulo ta m'kalasi ya masamu. Akuti azakhali anaima pakati, kuyendetsa maso kamodzi, n'kuloza kansalu kachikasu kakusuzumira kunsi kwa mulu. Kiyi anali naye m'kamisolo monga mwa nthawi zonse, koma asanamutulutse n'komwe, wantchito wina anang'amba sutikesi ndi mpeni.

Kuwala kunandilasa m'maso. Sindinathe kudzuka, ndinali ngati nkhuku ya mufiriji. Koma nditaona nkhope ya azakhali ili pamwamba panga, duku litapita kumbali, ndinakumbukira chimene ndinaloweramo, ndipo ndi kampweya koyamba ndinawanong'oneza kuti ndawapezeketsa. Anakhala pansi kuti khu. Anandimenya kambama kamodzi, kenako anandikumbatira mwamphamvu moti ndinatsala pang'ono kubanikanso kachiwiri. Mayi anathamangira nane kwa dokotala wa mu sitimamo.

Za ku Malawi zinathera pomwepo. Azakhali atayesa kuzikumbutsa tili kunyumba, mayi anawauza kuti mwana amene anamutumiza kale kamodzi ngati katundu samutumizanso. Za sutikesi azakhali akadandaulabe mpaka lero, akuti mtundu umenewo sakupanganso.

Kodi ndikumva chisoni? Kunena zoona, palibe wa kusukulu kwathu amene anachedwetsapo sitima yonse yapamadzi, ndipo azakhali ndinawaopseza ndithu monga ndinafunira. Kungoti kuyambira tsiku limenelo chikepe cha pa fulati pathu sindikwera, ndimayenda masitepe onse, ndipo popita ku Tottenham ndimasintha mabasi atatu kusiyana n'kulowa sitima yapansi. Anzanga ndimawauza kuti ndikulimbitsa thupi.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti Mulungu Chichewa amamva, ndipo kansalu kamene ndinkakaseka pabwalo la ndege kuti n'kachimidzi ndi kamene kanandigulira moyo. Anzanga okonda kubisala, bisalani, koma pakhale munthu mmodzi wodziwa kumene muli, ndipo pepala lolowa kunsi kwa chitseko muziyamba mwaliwerenga musanapangire ndege. Inunso amayi ndi azakhali, sutikesi ikalemera ngati muli munthu, tsegulani muone. Nthawi zina mumakhaladi munthu, ndipo akumva zonse zimene mukumunena.