Chithunzi cha aGoma Mwachifufutiranji?

Mwafufuta munthu. Inu a kampani ya ku Lusaka amene munandigulitsa apu yosungira makasitomala, mwafufuta munthu, kenako n'kunditumizira meseji yakuti vuto langa latha. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Koma anzanga ogulitsa katundu muno mu Chama, werengani mpaka pansi.

Ine ndine NyaZimba. Ndili ndi kashopu ka mbewu ndi mankhwala a m'munda pafupi ndi msika pa boma. Alimi anga ambiri sabwera kushopu, timawalondola kumidzi, ku Kambombo ndi ku Tembwe. Kale zonse ndinkalemba m'buku. Ndiye kunabwera munthu wanu, atamanga tayi pa dzuwa la ku Chama lino, akuti buku ndi zachikale, limanyowa, makoswe amadya. Akuti apu yawo sitaya kanthu. Umajambula mlimi, umalemba mudzi wake ndi mbewu imene amakonda, foni n'kumakukumbutsa tsiku lokamuona. K450 mwezi uliwonse. Ndinavomera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu woyamba kumulowetsa m'menemo anali aGoma a ku Kambombo. Madala amenewa ndi amene anagula paketi yanga yoyamba, nthawi imene ndinalibe ngakhale shelefu, ndikugulitsira pa saka pansi. Ankanditcha mwana wawo. Tsiku lojambula anakana kaye, akuti, "Ine undijambule ndi malaya a kumunda? Anthu a ku Lusaka aziti aGoma ndi wamisala?" Anabwerera kunyumba, n'kukavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anaima pakati pa chimanga, atagwira phesi lowaposa msinkhu. Ndinawaseka kuti adada, mwavala ngati mukukafunsira. Anaseka mpaka mano awo onse atatu panja. Pomwepo ndinadina.

AGoma anamwalira mwezi wathawu.

Ndinakhala pamaliro masiku atatu. Titachoka kumanda, akazi awo, amama NyaKumwenda, anandigwira dzanja. Anati, "Mwana wanga, chija unawajambula m'munda chilipo? Muno m'nyumba mulibe chithunzi chawo, koma cha pa reji basi, chiphaso cha boma chija, chimene anajambulidwa ali mnyamata. Adzukulu akachiona amafunsa kuti uyu ndani." Ndinalonjeza, anthu akumva. Ndinati amama, ndikachitsukitsa, ndichiika m'felemu, mudzachipachika pakhoma.

Manje mverani za apu yosataya kanthu ija. M'foni mwanga chithunzi chimaoneka kakang'ono ngati chikhadabo. Ukadinapo, imati chachikulu chili kwa iwo. Pochikopera palibe.

Lolemba, 08:15, ndinaimba. Mphindi makumi awiri ndi zitatu ndikumvera kanyimbo kawo, mayunitsi akutha. Anayankha mayi wina wa mawu okoma. Ndinafotokoza zonse. Akuti palibe vuto madamu, tatsegula tiketi ya dandaulo lanu, chithunzi muchilandira pofika Lachisanu. Ndinafunsanso kuti popeza munthuyu anamwalira, ndilembe pati? Apu ili ndi malo anayi okha: wagula, sanagule, sakufuna, sanapezeke pakhomo. Anandiuza kuti ndisankhe yakuti sanapezeke pakhomo, akuti ndiyo yoyandikirako. Koma abale, ku Lusaka anthu safa? Munapanga chinthu chosungira anthu, osaikamo malo a maliro?

Ndinasankha momwe anandiuzira. Tsiku lomwelo ndinagula felemu pamsika, K65, ya m'mbali mwagolide, n'kuiika pa kauntala.

Lachisanu linafika. Zii. Loweruka ndinaimba, foni yongolira.

Lolemba linalo, 09:00, apu inatumiza yokha meseji ku foni ya aGoma. Foni imeneyo amama amaitchajabe, amaisunga m'chitenje. Mawu ake ndi aja anaikamo munthu wa tayi tsiku loyamba, ine ndinali nditaiwala kuti alipo:

"AGoma, tinabwera koma sitinakupezeni pakhomo. Takusowani! Mvula yayandikira, mbewu yanu ikukudikirani. Ndine wanu, NyaZimba."

Dzina langa. Mayo ine!

09:40 amama anaimba. Sanakalipe. Bwenzi atakalipa, mwina mtima ukanapepukako. Anangoti, "Mwana wanga, si iwe unkatunga madzi pamaliro paja? Waiwala kale kumene tinawasiya?" Ndinapepesa, ndinati ndi makina amama, si ine. Anati, "Makinawo amawadziwa bwanji adada ako?" Ndinakalirira kuseri kwa matumba a mbewu, kasitomala akugogoda pa kauntala.

10:05 ndinaimbanso ku kampani. Ulendo uno anayankha bambo. Akuti sisitimu imachita yokha madamu, ndipo munasankha nokha kuti munthuyo sanapezeke. Ndinasankha ndekha? Anandiuza ndani? Ndinameza mkwiyo chifukwa ndinkafuna thandizo. Ndinati bambo, zinthu ziwiri. Choyamba, nditumizireni chithunzi. Chachiwiri, letsani mamesejiwa. Chithunzi chiyambe. Ndinanena katatu, iye n'kubwereza ndikumva. Akuti musade nkhawa, zonse tikonza lero lomwe.

14:30 kunalowa meseji. "Vuto lanu latha. Mwakhutira bwanji ndi thandizo lathu? Tipatseni nyenyezi."

Ndinatsegula apu, ndikuti mwina chithunzi chafika. Ndinalemba dzina. Palibe. Ndinatsika mndandanda wonse pang'onopang'ono. A Daka atsatana ndi a Gondwe, pakati palibe munthu. Ngakhale kachithunzi ka chikhadabo kaja kulibe.

14:50 ndinapeza bambo yemwe uja. Akuti njira yokhayo yoletsera mameseji ndi kuchotsa kasitomala. Nanga chithunzi? Akuti chimapita limodzi ndi kasitomala. Ndinati si ndinakuuzani katatu kuti chiyambe chithunzi? Ndinamva akugogoda makiyi a kompyuta, kenako akuti za chithunzi zinali pa tiketi ina, iye anagwira ya mameseji. Ndinafunsa ngati kulibe kwina kumene amasunga zofufutidwa. Akuti kulipo, koma ndi kwa amene amalipira K900. Ndinati ndilipira manje manje, ndiuzeni nambala. Akuti ndikalipira lero apu imasunga za lero kupita kutsogolo, za m'mbuyo ayi.

Kenako anandifunsa ngati pali china chimene angandithandize.

Ha! China chiti? Mwatsala n'chiyani choti mundichotsere?

Nanenso ndikudziimba mlandu, sindibisa. M'shopu muli foni ina. Ndikanangojambula kachithunzi kakang'ono kaja, ngakhale kosaoneka bwino, bwenzi tili nako. Sindinatero chifukwa munati Lachisanu, ine n'kukhulupirira. Buku langa lakale lija likadalipo pansi pa kauntala, makoswe anangodya ngodya imodzi. Dzina la aGoma lili pa tsamba loyamba.

Lachinayi amama NyaKumwenda anafika pa boma. Kuchokera ku Kambombo pa keriya ya njinga, munthu wamkulu ngati uja, miyendo yotupa, atavala chitenje chatsopano. Anabwera kudzatenga amuna awo. Atalowa, maso awo anagwera pa felemu ija pa kauntala, ilibe kanthu.

Ndinawakhazika pa mpando, ine n'kugwada pansi. Ndinawauza zonse, osabisa. Anasisita galasi la felemu ndi chala.

"Anavala jekete ija?"

"Eya amama, ya kutchalitchi."

"Anaseka?"

"Anaseka kwambiri. Ndinawanena kuti akukafunsira."

Nawonso anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Jekete imeneyo tinawaika nayo. Tandiuzanso bwinobwino, mwana wanga. Anaima pati?"

Ndinawafotokozera, kuyambira chipewa mpaka nsapato, phesi lija, mbali imene kunali dzuwa. Ndinabwereza kawiri. Mtima wanga unasweka pamenepo, ndipo mpaka lero sunabwerere m'malo.

Anzanga amene mukuyenda m'midzi ndi maapu awa, funsani musanalipire. Funsani kuti munthu akamwalira mulemba pati. Funsani ngati zimene mwaikamo mungazitulutse nokha osapempha munthu. Chilichonse chokukhudzani mtima, chisungeni pena. Buku lanu musataye.

Ndipo inu a ku Lusaka, sindikufuna mwezi waulere umene mwandilonjeza dzulo. Sindikufuna pepani wa pa meseji. Ndikufuna munthu wamkulu pa kampani panupo atsegule makina anuwo, afufuze mpaka pansi, andiimbire ndi pakamwa pake kuti chithunzi chilipo kapena kulibe. Madala a jekete yakuda, pakati pa chimanga, mano atatu. Simungawasokoneze ndi wina.

Amama anatenga felemu ija yopanda kanthu, n'kuikulunga m'chitenje. Potuluka anati, "Yewo, mwana wanga. Ndikaipachika ndithu, msomali ndinakhoma kale. Anthu ako a ku Lusaka akawapeza adada ako, undiuze."

Sabata yamawa ndikupita ku Kambombo ndi mbewu. Ndidutsa pakhomo pawo, ndipo adzatuluka kudzandiyang'ana m'manja. Manje ndiyankheni, ndikawauze chiyani?